Mwana akati zii m'mimba, musadikire tsiku la sikelo

Pali mawu ena amene amayenda m'makwalala athu muno mu Blantyre kuposa minibasi za ku Bangwe. Mukawamva pa kiyosiki ya madzi ku Ndirande, mukawamvanso mu saluni ku Chilomoni, ndipo masiku ano afika mpaka pa magulu a WhatsApp a azimayi a kumpingo. Mtsikana wapakati akangoti, "Koma lero mwanayu sakusewera ngati masiku onse," pamapezeka wina woyankha msangamsanga: "Aaa, usadandaule iwe, masiku ayandikira. Wakula, ndiye malo amuchepera. Akupuma ameneyo, akusunga mphamvu zobadwira." Onse n'kuseka, nkhani n'kulowera kwina.

Oyankha chonchiwa si anthu oipa ayi. Ndi amayi athu, azakhali athu, apongozi athu, anthu oti anaberekapo ana asanu kapena kuposa, ndipo chimene akufuna n'kukhazika pansi mtima wa mwana wamantha. Tonse tinakula tikumva kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Koma awa okha musawagoneke. Mwana wathanzi sasiya kusewera chifukwa choti masiku ayandikira. Amasewera mpaka tsiku lobadwa, ngakhale matenda atayamba kale. Akachepetsa kusewera, akafooka, kapena akangoti zii, malo a mayiyo ndi kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi Lamlungu, kaya ndi 11 koloko usiku, kaya tsiku la sikelo ndi mkuja.

Kuti tidziwe chachilendo, tiyambe tadziwa kaye chozolowereka. Amayi ambiri amayamba kumva mwana mimba ikakwana masabata a pakati pa 16 ndi 24. Wa mimba yoyamba amachedwerapo, kawirikawiri cha m'ma sabata 20, chifukwa sadziwa chimene akumvacho: amayesa ndi mpweya wa nyemba zadzulo. Amene anaberekapo amazindikira msanga. Poyamba kumangomveka ngati kansomba kakuphiriphitha. Kenako kumasanduka kugunda, kukankha, kutembenuka, mpaka mimba kumaoneka ikuyenda yokha pansi pa chitenje. Kuseweraku kumanka kuchuluka mpaka cha m'ma sabata 32, apo kumaima pa mlingo umodzi. Komatu kuima pa mlingo umodzi si kuchepa. Chimene chimasintha kumapeto ndi kaseweredwe. Mateche aja oti mumati mwanayu adzasewera ku Bullets kapena ku Noma amasanduka kudziwongola, kukankha ndi chigongono, kugubuduka pang'onopang'ono koma mwamphamvu, mwina mpaka kukulasani m'nthiti. Ndiye akuluakulu aja akunena zoona theka: malo amachepadi. Theka linalo, loti mwana amafatsa, ndiye labodza. Ndipo ngati masabata 24 akwana musanamvepo chilichonse, imeneyonso ndi nkhani yokauza azamba.

Mwana amagonanso m'mimbamo, zimenezo n'zoona. Koma tulo take n'tatifupi, mphindi 20 mpaka 40, ndipo si kawirikawiri kudutsa ola limodzi ndi theka. Ndiye akakhala chete kwa kanthawi pamene inu mukuchapa, palibe chodabwitsa. Koma mwana woti wakhala chete kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ameneyo sakugona. Ana ambiri amachangamuka madzulo, makamaka mayi akangoti agone. Ena amadzuka mayi akangomaliza kudya nsima. Ena amakonda m'bandakucha. Mwana aliyense ali ndi khalidwe lake, ndipo pofika mwezi wa 7 mayi amakhala atalidziwa kale, ngakhale sanakhalepo pansi n'kuliganizira. Khalidwe limeneli ndiye muyeso wanu, osati wa achemwali anu, osatinso wa mimba yanu yapitayi.

Nanga n'chifukwa chiyani kusewera kuli nkhani yaikulu chonchi? Yankho lili mu nsengwa, chija chimamera m'chiberekero limodzi ndi mwana n'kutuluka iye atabadwa. Mwana m'mimba sadya ndi pakamwa, sapuma ndi mphuno. Chakudya ndi mpweya zonse zimachokera m'magazi a mayi, n'kudutsa mu nsengwa, n'kumufika kudzera mu chingwe cha pamchombo. Nsengwa ikayamba kufooka, mwana amalandira zoperewera. Ndiye thupi lake limachita zimene foni yanu imachita moto ukatsala 10 peresenti: kuwala kumachepa, zosafunika kwenikweni zimatsekedwa, cholinga foniyo isazime. Mwana amatumiza magazi ku ubongo ndi kumtima, n'kusiya kumwaza mphamvu pa kutakataka. Kunja kuno mayi amangomva kuti mwana wafatsa. M'katimo mwana akulimbana. Mwayi wake ndi wakuti nthawi zambiri kufatsaku kumayamba mtima ukugundabe, choncho pamakhala maola, mwina tsiku kapena masiku, oti achipatala achitepo kanthu. Maola amenewa ndi amene timawataya tikamati tione kaye kukacha.

Kwathu kuno mdani wamkulu wa nsengwa ndi malungo. Tizilombo ta malungo timakonda kukamatirira mu nsengwa momwemo n'kusokoneza njira ya chakudya ndi mpweya. Choopsa n'chakuti mayi amatha kukhala nato osatentha thupi, osamva mutu, mwinanso kuyeza kwa pachala kuja osaonetsa kanthu. Amene amakhala pachiopsezo kwambiri ndi a mimba yoyamba, kutanthauza ambiri a inu amene mukuwerenga izi pa foni. Zina mwa zimene dziko lapansi likudziwa lero za malungo a mu nsengwa zinaphunziridwa pa amayi ochirira ku Queens komweku. N'chifukwa chake ku sikelo amakupatsani neti ndi Fansidar uja mumamwera pamaso pa anamwino. Dziko la Malawi linayamba ndondomeko imeneyi mu 1993, maiko ena asanaiyambe, ndipo langizo la masiku ano ndi kumwa mwezi uliwonse kuyambira mwezi wachinayi, osachepera katatu mimba isanathe. Amayi amene akumwa kale Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa Fansidar, ndiye musadabwe mukaona anzanu akumwa inu osapatsidwa. Za neti zija, tonse tikudziwa kumene zina zimakathera. Mpiru wa kudimba ndi anapiye sizidwala malungo, abale.

Mdani wachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi, BP. Mtundu wake wobwera ndi mimba umayamba pakadutsa masabata 20, ndipo umagwira ngakhale mtsikana wazaka 19 woti sanadwalepo BP chibadwire. Umachepetsa magazi opita ku nsengwa mwakachetechete. Ukafika poti mutu ukuwawa osasiya, maso akuchita chidima kapena kuona timphezi, nkhope ndi manja zatupa, ndiye kuti zafika pena. Palinso kuchepa kwa magazi, kumene kuli kofala kwambiri pakati pa amayi oyembekezera, ngakhale mapiritsi oonjezera magazi aja ambiri timawasiya m'kabati ati amachititsa nseru. Pali chindoko, chimene chimapha ana ambiri m'mimba chonsecho chimayezedwa ndi kadontho ka magazi pa ulendo woyamba wa sikelo n'kuchizidwa ndi jekeseni, bola abambo nawonso akalandire. Pali shuga, pali fodya ndi mowa, palinso mimba yopitirira masiku ake, chifukwa nsengwa nayo imakalamba. Nthawi zina nsengwa imamatuka mwana asanabadwe, ndipo apo kufatsa kwa mwana kumabwera limodzi ndi kupweteka kwa m'mimba kapena kutaya magazi. Zimenezo sizofunsanso munthu, n'zonyamuka.

Sindikufuna kuti mutseke foni mtima uli phaphapha, ndiye ndinene mbali inayo. Malangizo amene bungwe la madokotala oona za uchembere ku Britain linatulutsa mu 2011 amati mwa amayi 10 alionse amene amadandaula kamodzi kuti mwana wachepetsa kusewera, pafupifupi 7 amapezeka kuti zonse zili bwino ndipo amachira popanda vuto. Ndiye mukapita kuchipatala, chiyembekezo chachikulu n'chakuti mukabwerako mukuseka. Koma malangizo omwewo amanenanso kuti amayi oposa theka mwa amene mwana anawafera m'mimba anali atamva kale kuti kasewero kasintha achipatala asanatsimikize za imfayo. Vuto lake n'lakuti muli panyumba simungadziwe kuti muli gulu liti. Amene angasiyanitse ndi amene angamve mtima wa mwana, kukuyezani BP ndi kuona mmene mwana akukulira.

Nkhani ya ana ofera m'mimba si yaing'ono monga mmene timaichepetsera. Lipoti limene UNICEF, WHO ndi mabungwe ena anatulutsa mu Okutobala 2020 linati chaka chilichonse ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa atafa kale, mwana mmodzi pa masekondi 16 alionse, ndipo atatu mwa anayi alionse ndi a kuno kummwera kwa Sahara ndi kummwera kwa Asia. Chonsecho ndani anamvapo nkhaniyi ikukambidwa pa bridal shower kapena kwa alangizi? Pa chikhalidwe chathu mtayo umaikidwa ndi azimayi okhaokha, mwakachetechete, popanda kulira mokweza, popanda dzina, ndipo mawa lake aliyense amachita ngati palibe chachitika. Mayi amauzidwa kuti alimbe mtima, abereka wina. Mwina makolo anali ndi zifukwa zawo. Koma mtengo wa chete ameneyu ndi wakuti mayi amene akudziwa bwino kuposa tonsefe mmene masiku awiri omaliza aja anayendera, amene akanatha kuchenjeza mng'ono wake, sapatsidwa mpata woyankhula. Nzeru yake imakwiriridwa limodzi ndi mwana. Otsala ndi mawu ndi aja zinawayendera bwino, ndipo iwo ndi amene amati akupuma.

Ngati inu mukuwerenga izi zinakuchitikirani, musadzinyamulire mlandu. Pali ana amene amafa m'mimba popanda chizindikiro chilichonse, ena mayi atathamangira kuchipatala pa nthawi yake, ndipo ena ngakhale madokotala sapeza chifukwa. Ndiponso munthu sangachite chimene sanauzidwepo.

Tsono mukaona kusintha muchite chiyani? Zimatengera kuti mwatsimikiza kapena mukungokayika. Pali masiku oti mayi watangwanika kuyambira 5 koloko m'mawa: kukaoda tomato ku Limbe, kuima pa benchi tsiku lonse, kukwera mtunda wa ku Ndirande ndi ndowa pamutu, kapena kuthamangathamanga ku ofesi. Munthu woimirira ndi wotangwanika samva bwino kusewera kwa mwana, ndipo madzulo amangodzidzimuka kuti kodi lero ndamumva? Ngati zili choncho ndipo mimba yadutsa masabata 28, siyani zonse, gonani chammbali cha kumanzere, foni ikani patali, manja pamimba, n'kumvetsera. Malangizo a ku Britain aja amati ngati m'maola awiri simunamve kusuntha kokwana ka 10, nyamukani nthawi yomweyo. Koma ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti mwanayu si mmene amachitira, kapena kuyambira m'mawa sanagunde n'komwe, maola awiriwo musawawonongenso pa mphasa. Mukagonere kuchipatala konko.

Pa nkhani yowerengayi, akatswiri nawo sanamvane kwenikweni. Mu 2016 WHO inati ilibe umboni wokwanira wouzira mayi aliyense kuti azilemba pa pepala tsiku ndi tsiku kuti mwana wagunda kangati. Kafukufuku wamkulu wotchedwa AFFIRM, amene anachitika ku Britain ndi ku Ireland pa mimba pafupifupi 400,000 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018, sanaonetse motsimikizika kuti kampeni yolimbikitsa amayi kumvetsera kasewero inachepetsa imfa za ana. Wina anganene kuti ndiye basi, tisavutike. Ine ndimaziona mwina. Kumeneko mayi amakhala woti akuyezedwa kale pafupipafupi, makina ali ponseponse, ndiye kampeni inangoonjezera pang'ono pa zambiri. Kuno ngakhale mutatsatira ndondomeko yatsopano ya maulendo 8 a sikelo, imene inalowa m'malo mwa maulendo 4 aja, masiku ake ndi a pa sabata 12, 20, 26, 30, 34, 36, 38 ndi 40. Pakati pa sabata 30 ndi 34 pali mwezi wathunthu woti palibe wachipatala amene akhudze mimba yanu. M'mwezi umenewo amene akulondera mwanayo ndi inu nokha. Chimene akatswiri onse amagwirizana n'chakuti mayi akanena kuti kasewero kasintha, ayezedwe, ndipo asadikire mawa.

Pali zinthu zimene timachita zongodya nthawi. Chotchuka kwambiri ndi Fanta wozizira: ati imwa, shuga amudzutsa. Ena amati madzi a mufiriji, ena amagwedeza mimba, ena amaika foni pamimba n'kutsegula nyimbo. Ngakhale mwana atagunda kamodzi pambuyo pake, sizikutanthauza kuti ali bwino. Munthu wodwala kwambiri ukamugwedeza amatembenuka ndithu, koma sikuti wachira. Ndiye pali ma app aja amati amamva mtima wa mwana kudzera pa foni. Foni singamve mtima wa mwana modalirika, kwinako ndi kungotha bandulo. Ngakhale timakina tomvera mtima timene ena amaitanitsa kunja n'toopsa m'manja mwa munthu wosaphunzira, chifukwa n'kosavuta kumva kugunda kwa mitsempha yanu yomwe n'kuyesa ndi mwana. Ndipo mutamvadi mtima wake, zikungokuuzani kuti ali moyo mphindi imeneyo, osati kuti ali bwino. Kufunsa pa gulu la Facebook ndiye kumabweretsa mayankho 40, ndipo mtima wa munthu wamantha umasankha lokoma lija. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, n'chothandiza pa mafunso ambiri a amayi oyembekezera, koma nachonso sichingamve mtima wa mwana pa foni.

Choopsa koposa ndi mankhwala achikuda. Pamapezeka wina woti popeza mwana watopa, mwa mwanamphepo kuti matenda ayambe atuluke msanga. Ganizirani: mwana akuperewera kale mpweya, ndiye mubweretse mankhwala ofinya chiberekero mwamphamvu popanda muyeso. Kufinya kulikonse kumachepetsanso magazi opita ku nsengwa, ndipo chiberekero chimene chimatha kuphulika. Za mapemphero sindikutsutsa ayi, pempherani ndithu, aimbireni abusa kapena ashehe. Koma pemphero limamveka ngakhale muli mu minibasi. Akafuna kukusanjikani manja akakupezeni ku wodi.

Ndikudziwa kuti chimene chimagwira amayi ambiri miyendo si umbuli. Ndi usiku, ndalama ndi manyazi. Minibasi zikasiya kuyenda, munthu wa mkati mwa Machinjiri kapena kumtunda kwa Bangwe amayamba wawerengera: wa takisi anena zingati, wakabaza apezeka kodi, nanga njira yake ndi yabwino usiku uno, ana otsalawa ndiwasiyira ndani? Kenako pamabwera funso lija limapha: nanga ndikakafika n'kupezeka kuti palibe vuto, anamwino sakandikalipira kuti ndikuwasokoneza? Sindinama, alipo achipatala ena olusa pakamwa, makamaka akakhala awiri okha pa amayi odzaza wodi. Koma kukalipiridwa kumatha pofika mawa. Ndipo azamba ambiri, mukacheza nawo, chimene chimawapweteka si mayi wobwera popanda vuto. Ndi mayi wofika Lolemba m'mawa n'kunena kuti mwana anasiya kusewera Lachisanu. Ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Mavuto a usikuwa amathetsedwa masana, mimba ikadali ya miyezi 6. Ndalama ya thiransipoti ya usiku umodzi ikhale payokha, kaya pa Mpamba kaya pa Airtel Money kaya m'kachitini, ndipo isakhudzidwe ngakhale ndiwo zitasowa. Nambala za oyendetsa galimoto awiri a m'dera lanu zikhale mu foni, yanu ndi ya abambo. Mnansi woti angagone ndi ana adziwiretu. Kachikwama ka zitenje, beseni ndi buku la kuchipatala zikhale pamodzi, poti ngakhale magetsi atazima mukhoza kuzipeza ndi tochi ya pafoni.

Inu abambo, gawo lino ndi lanu, ndipo musathamangire kutsitsa sikirini. Mayi akakudzutsani 1 koloko usiku n'kunena kuti mwana sakusewera, mawu oyamba otuluka pakamwa panu ali ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Mukati, "Tagona, tiona mawa," agonadi, chifukwa naye akufuna wina womuuza kuti palibe vuto. Mukati, "Vala, tiyeni," nkhani yatha. Musayambe kaye kuimbira amayi anu kumudzi kuti mumve maganizo awo, muwaimbira muli panjira. Ndipo inu amene muli ku Joni kapena kuntchito kutali, ndalama ya ulendo umenewu musadikire kuti ipemphedwe. Chinanso, muzigwirako mimbayo madzulo. Bambo amene anazolowera kuti mwana wake amamumenya dzanja cha m'ma 9 koloko savuta kumvetsa akauzidwa kuti lero sizili choncho.

Kopita kwake ndi kuchipatala cha pafupi nanu chimene chili ndi mbali yochirira: Ndirande, Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe, Limbe, kapena South Lunzu kwa a ku Machinjiri. A kufupi ndi Lunzu ali ndi Mlambe. Musakafole pa mzere wa odwala chifuwa ndi m'mimba, ndiponso musakadikire kuti sikelo itsegulidwe. Lunjikani ku mateniti, kumene azamba amakhala usana ndi usiku. Iwo akaona kuti pakufunika zambiri, akutumizani ku Chatinkha, mbali ya amayi ya chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a uchembere, sikani ndi malo opangira opaleshoni.

Mukafika, manyazi athu aja oyamba ndi "ndimangomva thupi kulemera" asiyeni pakhomo. Nenani mosazungulira: "Mwana wachepetsa kusewera kuyambira dzulo madzulo," kapena "Sindinamumve kuyambira m'mawa." Tchulani nthawi. Ngati pali mutu, kutentha thupi, kutaya magazi kapena madzi, nenaninso. Azamba amvera mtima wa mwana ndi kachipangizo kaja kooneka ngati lipenga kapena kamakina ka m'manja. Mtima wa mwana umagunda ka 110 mpaka 160 pa mphindi, mofulumira kuposa wanu. Akuyezani BP, ayeza kutalika kwa mimba ndi tepi kuti aone ngati mwana akukula molingana ndi masabata ake, mwinanso mkodzo, malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Ku chipatala chachikulu amatha kukumangani malamba pamimba kwa mphindi 20 kapena kuposa kuti makina alembe mmene mtima wa mwana ukuyendera, ndiponso kupanga sikani yoona kukula kwake ndi kuchuluka kwa madzi amene akusambiramo. Madzi akachepa, chimakhala chizindikiro china choti nsengwa yatopa. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu: "Mayi, BP yanga ili bwanji? Mwana akukula bwino? Ndikaona chiyani ndibwerenso?" Ndipo onetsetsani kuti ulendowu walembedwa m'buku lanu, chifukwa amene adzakuoneni ulendo wina sadzakhala yemweyo.

Nthawi zina zotsatira zimakhala zoti mwana ali bwino kunja kusiyana ndi m'kati. Ngati masiku akwana kapena ayandikira, madokotala amatha kuyambitsa matenda ndi mankhwala, kapena kupanga opaleshoni ngati mwana sangapirire. Apa m'pamene achibale ena amayamba zoti pamtundu pathu palibe anachirapo ndi mpeni, kapena dikirani kaye tifunse amalume. Funsani mafunso onse amene muli nawo, n'zoyenera. Koma kumbukirani kuti nsengwa yofooka ilibe mankhwala oibwezera mwakale. Chimene achipatala angachite n'kusankha nthawi yabwino yomutulutsa mwanayo akadali ndi mphamvu.

Kanthu kena kakang'ono koti muyambe usiku uno ngati mwalowa mwezi wa 7: muzigona chammbali, osati chagada. Mukagona chagada, kulemera kwa chiberekero kumapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndipo magazi opita kwa mwana amachepa. Kafukufuku wa ku New Zealand, ku Britain ngakhale ku Ghana anapeza kuti amayi ogona chagada m'miyezi yomalizayi amataya ana kawirikawiri kuposa ogona chammbali. Mbali iliyonse ndi yabwino. Mukadzidzimuka usiku n'kupeza kuti muli chagada, musachite mantha, ingotembenukani. Pilo kapena chitenje chopinda kumsana chimathandiza.

Tsono tinene kuti mwapita, akuyezani, mtima ukugunda bwino, mwana wayambanso kumenya pa bedi pomwepo ngati akufuna kukuchititsani manyazi, ndipo akubwezani kunyumba. Zikomo, zimenezo ndi zimene timafuna. Koma kuyeza kwa lero kukunena za lero basi. Zikadzachitikanso mawa, kapena sabata yamawa, bwereraninso, ngakhale mukapeze azamba omwe aja. Mayi amene wadandaula kawiri kapena katatu za kuchepa kwa kasewero ali pachiopsezo chachikulu kuposa wodandaula kamodzi, chifukwa nthawi zina kumakhala kuti mwana sakukula bwino. Ndiye mukafika, yambani ndi kunena kuti aka n'kachiwiri, atsegulireni buku pa tsamba la ulendo woyamba uja, ndipo funsani ngati sipakufunika sikani kapena kuonana ndi dokotala.